KUGULITSA EMERALD: PHINDU LA KALATA YA OPIMA MIYALA

Dziko la Zambia liri ndi miyala ya mtengo wapatali yamitundumitundu. Ku Lundazi kuli aquamarine, ku Mapatizya kuli amethyst, ndipo ku Kafubu, m'boma la Lufwanyama, kuli emerald, mwala wobiriwira umene unadziwika kumeneko m'caka ca 1928. Pa mgodi wa Kagem, m'caka ca 2018, anakumba mwala wa makarati 5,655 naucha Inkalamu. M'caka ca 2021 anapeza wina wa makarati 7,525 naucha Chipembele. Popeza makarati 5 alingana ndi galamu imodzi, Chipembele alemera kilo imodzi ndi theka.

Miyala ya Kagem igulitsidwa pa malonda opikisana, pamene ogula a maiko akutali alimbirana mtengo. Koma munthu wamba agulitsa mwala wace payekha, kwa wogula mmodzi. Apa ndipo pagona bvuto. Wogulitsa sadziwa bwino cimene ali naco m'dzanja, ndipo wogula aopa kunyengedwa. Mantha acewo ali ndi cifukwa: anthu acinyengo aphwanya mabotolo obiriwira nagulitsa zidutswa zace ngati emerald. Ndiponso kuyambira m'zaka za m'ma 1930, pamene Carroll Chatham wa ku San Francisco anapeza njira yace, anthu apanga emerald m'fakitale, wofanana ndi wa pansi m'maonekedwe koma wochipa kwambiri. Tsono wogula wokayika atsitsa mtengo kuti adzichinjirize, ndipo wotaya ndarama ndiye mwini mwala weniweni.

Cothetsa kukayikaku ndi kalata yocokera ku nyumba zopimira miyala. Zomveka ndizo GIA ya ku America, imene inayamba mu 1931, Gübelin ya ku Lucerne, ndi SSEF ya ku Basel. Akatswiri a kumeneko sagula mwalawo, cotero alibe cifukwa cokometsera kapena kucepsa. Ayang'ana mkati mwace ndi magalasi okulitsa zinthu, naupima ndi makina a kuwala.

Kalatayo inena zinthu zinai. Coyamba, ngati mwala uli emerald ndithu, ndi ngati unacokera m'nthaka kapena m'fakitale. Caciwiri, kulemera ndi miyeso yace. Cacitatu, ngati anauthira mafuta. Emerald ambiri ali ndi ming'alu yaing'ono, ndipo osema amathiramo mafuta kapena utomoni kuti isaoneke. Mwala wopanda mafuta upambana kutali pa mtengo mwala wofanana nao wothiridwa ambiri. Cacinai, ngati mwini apempha, dziko limene mwala unacokera. Emerald wa ku Kafubu ali ndi citsulo cambiri kuposa wa ku Colombia, ndico cifukwa cace kubiriwira kwace kupendekera ku mtundu wa thambo.

Koma kalatayo sinena mtengo. Mtengo ubwera pokambirana, ndipo mwini acita bwino kuonetsa mwala kwa ogula angapo asanabvomere. Kupimitsa nakonso kudya ndarama, pamodzi ndi zotumizira. Kamwala kakang'ono kosawala sikangabweze zimenezo, koma mwala waukulu wosemedwa bwino uzibweza ndi phindu. Wogula naye acenjere, pakuti makalata abodza alipo. Kalata yoona iri ndi nambala imene munthu angafunse kwa eni ace, ndipo kulemera kolembedwamo kuyenera kugwirizana ndi kwa mwala pa sikelo.

Pali cinanso cimene opima sangapereke, ndico cilolezo ca boma. Lamulo lifuna cilolezo pocita malonda a miyala, ndi cinanso poitulutsa kunja kwa dziko. Wopanda mapepala angalandidwe mwala, kapena kuugulitsa mobisa pa mtengo wacabe.

Mwala wabwino ungamangitse nyumba ndi kuphunzitsa ana, koma ugulitsidwa kamodzi kokha, ndipo suola pouyembekeza. Akulu anati safunsa anadya phula. Mwini mwala afunse kwa opima, atenge mapepala a boma, ndipo pambuyo pace akambe za mtengo.