Chithunzi cha ku Wales ndi Phiri Lathu la Mangochi

M'nyumba yosungiramo zinthu zakale mu mzinda wa Cardiff, ku Wales, muli chithunzi cha penti chotchedwa The Bard, kutanthauza mlakatuli. Anachijambula ndi Thomas Jones m'chaka cha 1774. Pachithunzipa pali nkhalamba ya ndevu zoyera, zeze ali m'manja, itaima pamphepete pa phompho. Pafupi pali mitembo ya alakatuli anzake, ndipo kumbuyo kuli mapiri ndi mitambo yabii.

Nkhani yake ndi ya nkhondo ya mu 1282 ndi 1283, pamene Mfumu Edward I ya ku England inagonjetsa Wales. Anthu ankasimba kuti mfumuyi inapha alakatuli pofuna kuti mtunduwo uiwale mbiri yake, ndipo wotsala yekhayo anaitemberera kenaka nadziponya kuphompho. Akatswiri a mbiri akuti zophedwa alakatulizo ndi nthano chabe. Komabe chithunzicho chimakumbutsa anthu a ku Wales kuti mapiri awo anaona nkhondo imene inawalanda ufumu.

Awerengi okondedwa, ifenso kuno tili ndi phiri lotere. Kum'mawa kwa boma la Mangochi, cha ku Namwera, kuli Phiri la Mangochi, kumene kunali likulu la Mfumu Jalasi. Azungu ankalemba dzina lake kuti Zarafi. Mu 1891 Harry Johnston anagonjetsa Mfumu Mponda namanga linga la Fort Johnston m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Mu Disembala chaka chomwecho anthu a Makanjira anapha Kaputeni Cecil Maguire kugombe la kum'mawa kwa nyanja. Mu 1892 ankhondo a boma la atsamunda anaputa Jalasi koma anabwezedwa, mpaka anasiya mzinga wawo m'manja mwake. Anabweranso mu 1895, pamodzi ndi asilikali ochokera ku India, ndipo ulendo uno analanda phirilo. Pambuyo pake anamangapo linga la Fort Mangochi, limene mabwinja ake alipo mpaka lero.

Johnston nayenso anali katswiri wojambula. Buku lake la mu 1897, British Central Africa, lili ndi zithunzi zambiri zimene anajambula yekha. Choncho dziko lino anthu akunja analiona kudzera m'maso mwa munthu amene anapambana nkhondo. Nanga maso a adzukulu a anthu amene anathawa m'phiri muja ali kuti?

Makolo ena amafunsa ngati kujambula n'kololedwa. M'mabuku a hadisi a Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya Ibn Abbas, Allah asangalale naye, amene analangiza munthu wodyera luso lojambula kuti azijambula mitengo ndi zinthu zopanda mzimu. Phiri, nyanja, mlambe ndi makoma a linga zonsezi mwana akhoza kujambula popanda nkhawa.

Koma pamene mwana akujambula, timuuze mbiri yonse. Jalasi anakana kugonjera atsamunda, n'zoona. N'zoonanso kuti iye, Mponda ndi Makanjira ankachita malonda a akapolo, ndipo anthu ambiri ogwidwa m'midzi anadutsa m'dera lino atamangidwa magoli, ulendo wa kunyanja yamchere. Jones anakometsa mbiri ndi nthano. Ife tisabise mbali yowawayi kwa ana athu.

Tchuthi chikubwerachi, bambo ndi mayi, gulirani ana pepala ndi makrayoni. Ngati mungathe, pitani nawo ku Namwera akalione phirilo, kapena ku nyumba ya zinthu zakale ya Lake Malawi Museum paboma. Madzulo akakhale pansi ndi agogo awo, afunse zimene iwo anamva kwa makolo awo za nkhondo ya Jalasi, ndipo azilembe kuseri kwa chithunzicho pamodzi ndi dzina la mudzi ndi chaka.