Za Zipilala ndi Ziboliboli za mu Mzinda wa Blantyre

Ambiri a inu akafika ku Kabula amangopenya sitolo ndi magalimoto. Koma ife tikuti, mukadzapitanso mudzakweze maso, pakuti m'mphepete mwa misewu muli zinthu zimene zimaphunzitsa anthu popanda mawu.

Pakati pa Blantyre ndi Limbe, pa Chichiri, pali chipilala chotambalala pamwamba pa msewu, chokumbutsa ufulu umene dziko lathu lidalandira m'chaka cha 1964. Kufupi ndi pakati pa mzinda pali tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene m'busa David Clement Scott adamanga pamodzi ndi anthu a kuno kuyambira 1888 kufikira 1891. Iwo sadaphunzire za umisiri kusukulu ayi, koma njerwa zimene adaumba ndi kuzikongoletsa zikudabwitsa alendo kufikira lero. Ndipo pa phiri la Michiru, pamwamba pa Chilomoni, paimikidwa mtanda waukulu, kumene akhristu amakwera akupemphera Njira ya Mtanda. Kuyambira 2009 mzindawu udayambanso kuchita chikondwerero cha Blantyre Arts Festival, chosonkhanitsa oimba, alakatuli, ochita zisudzo ndi ojambula.

Tsono tamverani nkhani imene idautsa mapiri pachigwa. M'chaka cha 2018 amisiri adayamba kumanga tsinde pa Ginnery Corner, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, kuti aimikepo chiboliboli cha Mahatma Gandhi, mtsogoleri wa ku India. Boma la India lidali litalonjeza ndalama zokwana madola 10 miliyoni zomangira nyumba ya misonkhano. Koma achinyamata adakana, nati munthuyu, pamene adali kukhala ku South Africa, adalemba mawu onyoza anthu akuda. Anthu oposa 3,000 adasaina kalata yodandaula, ndipo mu Okotobala chaka chomwecho Bwalo Lalikulu lidaimitsa ntchitoyo.

Ife sitifuna kuweruza Gandhi, amene anthu ambiri pa dziko lapansi amamlemekeza chifukwa chomenyera ufulu popanda nkhondo. Phunziro lathu ndi ili: chosema cha m'nyumba ndi cha mwini nyumba, koma choimikidwa pa mphambano ndi cha anthu onse. Mwana wodutsa pamenepo adzafunsa kuti, "Kodi ameneyu ndani?" ndipo kholo liyenera kuyankha mopanda manyazi. Chifukwa chake nkoyenera kufunsa eni mzinda ntchito isanayambe, monga mfumu yanzeru imafunsa anthu ake pabwalo.

Osema aluso tili nawo. Ku Mua, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976, ndipo ambiri aphunzira kusema kumeneko. Ngati mwana wanu akonda kuumba ng'ombe zadothi kapena kusema mtengo, musamkalipire kuti akutaya nthawi. Mwina manja ake ndiwo adzaimika nkhope za makolo athu m'misewu ya Blantyre.