Amayi, Mbatata ya Kachewere Ndi Tsinde, Si Muzu Ayi

Amayi anzanga, mukatsika basi pa Jenda kapena mukalowa mu msika wa pa boma la Mzimba, mumaona milu ya mbatata ya kachewere, ina m'ndowa ina m'matumba, yochokera ku madera ozizira monga a ku Khosolo. Timaigula, timaiphika, ena timailima, koma ambiri sitiidziwa bwino. Ine ndemwe ndinailima zaka zingapo ndikuyesa kuti ndi muzu, monga mbatata ya kholowa imene kuno timati mboholi. Kholowa ndi muzu ndithu. Koma kachewere ndi tsinde limene latupa pansi pa nthaka posunga chakudya, ndipo mayi amene wamvetsa chimenechi sadzavutika ndi zotsalazo.

Tatengani imodzi muiyang'anitsitse. Timaenje timene timati maso tija ndi mphukira zogona, zonga zimene zili pa phesi la chinangwa. Choncho pobzala kachewere simubzala njere ngati ya chimanga ayi, mumabzala chiwalo cha make. Ngati makeyo anali wodwala, mwananso amamera ndi nthenda yomweyo. Apa ndi pamene timalakwa. Tikakolola, zazikulu timagulitsa, zapakati timadya, ndipo tating'onoting'ono totsalira m'thumba ndito timasunga kuti tidzabzale. Kodi tinachepa chifukwa chiyani? Kawirikawiri n'chifukwa chakuti tinachokera pa phando lodwala matenda amene nsabwe za m'masamba zimafalitsa. Zokolola zimanka zicheperachepera chaka ndi chaka, ife n'kumanamizira feteleza ndi mvula.

Mbewu isankhidwe m'munda, osati m'thumba. Mbatata ikayandikira kuchita maluwa, yendani mzere ndi mzere ndi timitengo m'manja, muzike kamtengo pa phando lililonse la masamba obiriwira bwino, osapiringizika ndi osafota. Pakapita sabata ziwiri bwererani, muzule kamtengo pamene payamba kudwala. Mapando otsalawo muyambe ndiwo kukumba, ndipo musunge mbatata zofanana ndi dzira la nkhuku. Ntchito imeneyi silira ndalama. Amene angathe, afunse alangizi za mitundu yatsopano monga Thandizo, Chuma ndi Zikomo, kuwonjezera pa Rosita ndi Violet amene tinazolowera.

Chaka china gulu lathu linagula mbewu yooneka bwino pa msika wina. Itakula, mapando anayamba kufota masana nthaka ili yonyowa. Titadula mbatata imodzi tinapeza mzere wofiirira mozungulira mkati, ndipo m'maso munkatuluka zonga mafinya. Nthenda yofotetsayi ilibe mankhwala opopera, ndipo imatsalira m'nthaka. Kuti muidziwe, dulani tsinde muliviike m'tambula ya madzi oyera; mukaona timaulusi tonga mkaka tikutsika, ndiyo imeneyo. Zulani phandolo ndi dothi lake lomwe, mukataye kutali ndi munda ndi madzi othirira. Pamalopo bzalani chimanga kwa zaka zitatu kapena zinayi. Musaikepo tomato, fodya, mabiringano kapena tsabola, pakuti zonsezi ndi banja limodzi ndi kachewere. Ndikudziwa kuti kwa anzathu a ku Jenda, kumene tomato ndiye ndalama, mawu amenewa ndi owawa, komabe auzeni bambo a kunyumba.

Ina ndi chiwawu, chimene chimapsereza masamba mvula ikamagwa mowirikiza. Musachipepute. Mbatatayi kwawo ndi ku mapiri a Andes, ku Peru ndi Bolivia, ndipo itafika ku Ulaya anthu a ku Ireland anaidalira kwambiri. Chiwawu chitagwa m'chaka cha 1845 kunabuka njala imene inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni. Ife tibzale msanga, titalikitse mapando masentimita 30 kuti mphepo izipita, ndipo popopera titsate alangizi.

Tsopano za kuwala. Popeza ndi tsinde, kachewere akaona dzuwa amabiriwira monga tsinde lililonse, ndipo pobiriwirapo amapanga poizoni wowawa amene amatsegula m'mimba ndi kusanzitsa, makamaka ana. Moto suthetsa poizoni ameneyu. N'chifukwa chake timakwezera mizere kawiri, kuti mbatata zisatulukire kunja. N'chifukwa chakenso yakudya imasungidwa mu mdima, pozizira ndi popita mphepo. Yambewu ndiyo imafuna kuwala: iyaleni pa thandala, pamthunzi powala, kuti itulutse mphukira zazifupi ndi zolimba. Mu mdima imatulutsa zazitali, zoyera, zothyoka msanga. Kusunga zonse m'thumba limodzi kuseri kwa chitseko ndi kuononga zonse ziwiri.

Inu a m'tauni, pogula muzitembenuza mulu. Yobiriwira pang'ono sendani mozama ndi kukolowola mphukira. Yobiriwira kwambiri kapena yowawa tayani, musaumire. Inu olima, dulani masamba kutatsala sabata ziwiri kuti mukumbe, khungu likhwime, mbatata isanyuke m'thumba.

Ana amakonda chipisi cha pa chiwaya, ndipo sindiwaletsa, koma mafuta akwera mtengo. Kwathu timatsuka mbatata bwino ndi kuiphika ndi khungu lake m'madzi ochepa, chifukwa vitamini C sathawira kwambiri m'madzi ikaphikidwa motero. Ikapsa timasenda, n'kuibwezera mumphika ndi tomato, anyezi ndi nsinjiro. Kwa mwana amene wayamba kudya, ipoteni ndi supuni, muthiremo dzira lophika kapena usipa wosinja.