Phunziro lolowera m'khutu pa Feira

Dzuwa likapendeka pa Luangwa Boma (Feira), kutentha kukayamba kugonja, si zachilendo kuona ana a sukulu atatu kapena anayi ataunjirira foni imodzi pansi pa mtengo. Kutsidya kwa Luangwa kukuoneka Zumbo wa ku Mozambique, kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe, koma iwo alibe nazo ntchito. Maso ali pa kachizindikiro kongozungulirazungulira. Vidiyo ya masamu yakana kutseguka, ndipo bandulo ikutha.

Nkhani yophunzira patali inafika mwadzidzidzi pa 20 Marichi 2020, pamene sukulu zonse m'Zambia zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Boma linayamba kuulutsa maphunziro pa wailesi ndi pa kanema wa ZNBC. Sukulu zitatsegulidwa chizolowezicho chinatsala, ndipo lero chasamukira pa WhatsApp ndi YouTube.

Vidiyo palibe angainyoze. Mwana amene sanagwirepo zipangizo za sayansi amaona ndi maso ake mankhwala akusintha mtundu, amaona dzanja la mphunzitsi likutsitsa nambala mzere ndi mzere. Koma ndi yolusa pa data. Mphindi khumi za vidiyo zimadya kuposa kakhumi poyerekeza ndi mphindi khumi za mawu okha, ndipo batire nayo imapita nazo. M'chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, Zesco inkazimitsa magetsi maola ambiri tsiku lililonse m'dziko muno. Foni ikakhala ya mayi, yomwe amalandirira ndalama za nsomba, mwana sangaiphe ndi mavidiyo.

Zolembedwa n'zotchipa ndipo sizithawa. Mapepala a mayeso akale a bungwe la mayeso la ECZ ukawatsitsa kamodzi amakhala m'foni, ngakhale netiweki ya MTN, Airtel kapena Zamtel itasowa. Mayeso enieniwo ndi olemba, choncho wa giledi 12 sangazilambalale. Vuto n'lakuti pafupifupi zonse zili m'Chingerezi, pa zilembo zing'onozing'ono, ndipo amene kuwerenga kumamuvuta kale amangotsetsereza chala osatolapo kanthu.

Chimene ine ndikuona kuti tachipeputsa ndi mawu. Zambia inayamba kale kuphunzitsa ndi khutu: m'chaka cha 2000 pulogalamu ya pa wailesi ya Learning at Taonga Market inayamba kufikira ana amene sankapita kusukulu, ambiri a iwo amasiye. Gulu linkakhala mozungulira wailesi, wowathandiza ali pambali ndi choko, mawu a m'wailesi akuwauza nthawi yoimba, yowerenga ndi yoyankha. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp ndi mdzukulu wa wailesi imeneyo, koma uli ndi mwayi umene wailesi inalibe. Ukhoza kuubwereza kasanu. Ndipo mphunzitsi wa pompano, amene amadziwa kuti mwana wa kwa Mphuka kapena kwa Mburuma amaganiza m'Chinsenga kapena m'Chichikunda, angathe kumasulira liwu lovuta m'chilankhulo cha kunyumba, kenako n'kulibwezera m'Chingerezi cha pamayeso. Vidiyo yojambulidwa ku India kapena ku America singachite zimenezo.

Komanso mawu sagwira manja. Mtsikana amamvera mbiri ya dziko akutsuka mbale, mnyamata akusoka ukonde wa bambo ake. Kuno, kumene mwana amaweruka n'kupeza ntchito ikumudikira, nthawi yokhala pansi n'kuyang'ana foni ndi yochepa.

Pomwe khutu limalephera ndi pa masamu ndi mapu, pakuti ngodya ya madigiri 60 sungaimve, uyenera kuiona. Apa mphunzitsi safunika kamera yapamwamba. Asanafufute bolodi angolijambula chithunzi chimodzi, n'kuwonjezera mawu a mphindi zitatu ofotokoza mzere uliwonse. Ziwirizi zimalowa m'foni ngakhale netiweki ili kamzere kamodzi.