Kwa Iwo Amene Adikira Chiphaso Chotsatira Mnzawo wa Ukwati

M'midzi mwathu kutalikirana kwa mwamuna ndi mkazi chifukwa cha ntchito si kwachilendo. Makolo athu anaona amuna ambirimbiri alikunyamuka ndi Wenela kunka ku migodi ya ku Johannesburg. Ndipo amene analeka kulemba kalata, nazimirira komweko, anatchedwa machona. Koma masiku ano kwabuka kutalikirana kwa mtundu wina. Mwamuna ali ku Britain, kapena mkazi ndiye ali kumeneko, ndipo onse awiri afunitsitsa kukhala m'nyumba imodzi; chowatchinga ndicho chiphaso cholowera m'dzikolo, chimene achitcha viza. Tsono tifuna kulankhula ndi iwo amene alikudikira, ndiponso ndi abale awo.

Poyamba tidziwe m'mene zinthu ziyendera, pakuti mtima wosadziwa ufulumira kukayika. Munthu amene ali nzika ya Britain, kapena amene analoledwa kukhalako moyo wake wonse, sangoitana mkazi wake monga tiitanirana kuchokera ku Dedza kunka ku Zomba. M'chaka cha 2012 boma la dzikolo linalamula kuti woitanayo akhale wolandira mapaundi 18,600 pachaka. Ndipo m'mwezi wa April 2024 linakweza muyesowo kufika mapaundi 29,000. Amene malipiro ake aperewera ayenera kukhala ndi chuma chambiri kubanki. Woitanidwayo ayenera kukhoza mayeso a Chingerezi, napimidwe chifuwa chachikulu kuchipatala chovomerezedwa ndi bomalo. Palinso ndalama zochuluka zolipira pempho lenilenilo, ndi zina za chithandizo cha m'zipatala za kumeneko. Zonse zikaperekedwa, padikiridwa yankho. M'chaka cha 2025 muyeso wake unali masabata 12. Koma mu 2022, pamene nkhondo ya ku Ukraine inachulukitsa mapempho, unafika masabata 24. Ndiponso kuyambira m'mwezi wa March 2024, iwo olowa chatsopano pa ntchito yosamala nkhalamba ndi olumala analetsedwa kutenga mabanja awo, ngakhale lamulo limeneli silikhudza anamwino.

Taonani tsono: mwamuna akhoza kugwira ntchito usana ndi usiku, nakonda mkazi wake ndi mtima wonse, koma osatha kumuitana chaka chino kapena chamawa. Kumudzi kuno anthu osadziwa malamulo amenewa ayamba kunong'ona kuchitsime, nati: “Wakwatira kwina, akadafuna bwenzi atatumiza kale.” Mawu otere aswa mabanja amene nyanja inalephera kuwaswa. Inu wodikira, musaweruze mnzanu chifukwa cha mlandu wa ofesi ya boma lachilendo.

Chachiwiri, tidziwe chifukwa chake kudikira kotere kupweteka koposa. Wamasiye alira maliro, anthu namtonthoza, ndipo m'kupita kwa nthawi mtima ukhazikika. Koma wodikira chiphaso alibe maliro, alibenso tsiku lodziwika. Mayi wina wophunzira wa ku America, dzina lake Pauline Boss, amene m'zaka za m'ma 1970 anafufuza za mabanja a asilikali osowa pa nkhondo ya ku Vietnam, anasonyeza kuti chisoni cha pa munthu amene palibe pakhomo koma alipo mumtima chitopetsa kwambiri, pakuti sichifika pothera. Chotero mukaona kuti tulo tasowa, mtima upsa msanga, kapena misozi ibwera popanda chifukwa chooneka, musadziyese wofooka. Ndiwo makhalidwe a mtolo umenewu, ndipo ambiri ausenza monga inu.

Nanga tichitenji?

Panganani nthawi yokhazikika yolankhulana pa lamya, ndipo muisunge monga musunga nthawi ya chakudya. Kumbukirani kuti wotchi ya ku Britain itsalira m'mbuyo mwa yathu maola awiri m'nyengo yawo yozizira, ndi ola limodzi m'nyengo yawo yotentha. Ndipo wogwira ntchito usiku agona usana. Lamya yosayankhidwa siitanthauza chipongwe. Polankhulana musayambe masiku onse ndi funso la chiphaso kapena la ndalama, pakuti mnzanuyo adzayamba kuopa kulira kwa lamya. Muuzeni zazing'ono za pakhomo: kuti mbuzi yaswa, kuti mwana wagula mano, kuti chimanga chamasula. Zimenezi ndizo zimkhalitsa m'banja ngakhale ali kutali. Makalata, zithunzi ndi mauthenga muzisunge bwino. Zidzakutonthozani, ndiponso boma lija lifuna umboni wakuti ukwati wanu ndi weniweni.

Uzanani zoona. Inu amene muli kutsidya, musalonjeze mwezi umene simuudziwa, pofuna kukondweretsa mnzanu. Lonjezo losakwanira lilasa koposa kuchedwa. Muuzeni zimene mulandira, zimene mulipira nyumba, ndi zimene zatsala kuti mapepala akwanire. Inunso amene muli kumudzi, musayese kuti mnzanu ali m'chisangalalo. M'mwezi wa December ku London dzuwa lilowa isanakwane 4 koloko madzulo, ndipo munthu abwerera ku kachipinda kozizira kopanda womlonjera. Nonse awiri muli odikira.

Musaimitse moyo. Alipo ena amene aleka kulima, nagulitsa ziweto, nachotsa ana pasukulu, poyesa kuti ulendo wayandikira. Chaka chikatha apezeka opanda chiphaso ndi opanda nkhokwe. Limani munda wanu monga munthu wokhala, folerani denga, phunzirani Chingerezi cha mayeso aja pang'onopang'ono. Manja okhala ndi ntchito apumitsa mutu. Ndipo chenjerani ndi anthu olonjeza kufulumizitsa chiphaso ndi mapepala onama. Pempho likakanidwa, ndalama yake siibwezedwa.

Musaiwale ana. M'chaka cha 2015 ofesi yoyang'anira ufulu wa ana ku England inapeza kuti ana osachepera 15,000 anakhudzidwa ndi lamulo la malipiro lija, ambiri a iwo akudziwa atate kapena amayi awo pa lamya pokha. Mwana afunsa, ndipo mumtima mwake ayesa kuti anamsiya chifukwa cha kulakwa kwake. Muuzeni poyera kuti atate amkonda, ndi kuti chochedwa ndi chikalata cha boma. Mpatseninso nthawi yake ya iye yekha yolankhula nawo.

Potsiriza, mawu kwa inu apongozi, alamu ndi ankhoswe. Mutu umodzi susenza denga. Mkamwini kapena mtengwa wotsala yekha asakhale ngati mlonda wa ndalama zochokera kunja, wom'chezera pokhapokha pakutha pa mwezi. Mthandizeni pa kupalira ndi pa matenda. A m'mphakati kapena m'limana asamdumphe pocheza. Ankhoswe asadikire kuti banja ligwedezeke. Amve mbali zonse ziwiri msanga, ngakhale pa lamya, natseke pakamwa pa amiseche. Ndipo mukaona kuti wodikirayo waleka kudya, wayamba kuledzera, kapena alankhula za kudzipha, musazengereze: khalani naye, ndipo mperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo.

Abale, akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku la chiphaso silili m'manja mwanu. Koma mawu amene mulankhulana madzulo ano, munda umene mulima chaka chino, ndi mbiri imene mukana kuimvera, zimenezo zili m'manja mwanu. Zisamaleni, kuti pamene chikalatacho chidzafika chidzapeze ukwati ulipobe.