Msika wa pa lamya ku Chitungwiza: pamene wapindula ndi pamene wapunthwa

Wogulitsa malonda pa Makoni kapena pa Chikwanha, m'tauni ya Chitungwiza, masiku ano ali ndi mabenchi awiri. Lina ndi la matabwa, pamene amayala zovala, nsapato kapena tomato. Linalo lili m'thumba mwake: lamya ya m'manja imene amajambulira katundu wake n'kuonetsa anthu pa WhatsApp ndi pa Facebook. Benchi lachiwirili lathandiza mabanja ambiri, koma lili ndi vuto limodzi. Malo amene laimapo ndi a eni.

Chitungwiza ili pa mtunda wosapitirira makilomita 30 kumwera kwa mzinda wa Harare, ndipo kalembera wa 2022 anapeza kuti muli anthu oposa 370,000. M'madera a Seke, Zengeza ndi St Mary's mukukhalanso ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'mafakitale. Poti ntchito zolembedwa n'zosowa, ambiri amadalira geni.

Mmene msikawu unakulira

Maziko ake anaikidwa mu 2011, pamene kampani ya Econet inakhazikitsa EcoCash, njira yotumizira ndalama pa lamya. Pambuyo pake makampani a lamya anayamba kugulitsa mabandulo otsika mtengo a WhatsApp kapena Facebook yokha. Pofika 2017, malipoti a POTRAZ, bungwe loyang'anira za mtengatenga wa mauthenga m'dzikolo, ankasonyeza kuti magawo oposa 40 pa 100 alionse a intaneti ya pa lamya ankathera pa WhatsApp.

M'chaka chomwecho cha 2017 panabwera Status, malo oikapo zithunzi zimene zimafufutika pakatha maola 24, ndipo mu 2018 panabwera WhatsApp Business. Mayi woweta nkhuku ku Zengeza, amene sakanatha kulipira malo otsatsira malonda m'nyuzipepala, tsopano ankangojambula nkhukuzo m'mawa, oda n'kuyamba kulowa. Amayi okapikula katundu ku Johannesburg ndi ku Lusaka anatsegula magulu a makasitomala, kotero kuti ankanyamuka akudziwa kale amene akufuna chiyani.

Chaka cha 2020 ndicho chinaonetsa poyera phindu la njirayi. Boma litalamula kuti anthu akhale m'nyumba kuyambira pa 30 Malichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, misika yambiri inatsekedwa ndipo alendo okaona malo anasiya kubwera. Kwa osema miyala a pa Chitungwiza Arts Centre, amene amadalira kwambiri ogula akunja, chithunzi chotumizidwa pa lamya chinatsala njira yaikulu yofikira makasitomala. Amene anali atasunga kale manambala a ogula ndiwo anali ndi pogwira.

Zaka zopunthwa

Ngakhale zili choncho, pafupifupi chaka chilichonse chakhala ndi chokhoma chake. Pa 6 Julayi 2016, tsiku limene anthu ananyanyala ntchito m'dziko lonse, WhatsApp inasiya kugwira kwa maola angapo. Mu Januwale 2017 mitengo ya mabandulo inakwera modzidzimutsa potsatira mitengo yatsopano imene POTRAZ inakhazikitsa, ndipo inatsitsidwa patapita masiku ochepa anthu atadandaula kwambiri. Mu Okutobala 2018 nduna ya zachuma, a Mthuli Ncube, inaika msonkho wa masenti awiri pa dola iliyonse yotumizidwa pa lamya kapena kudzera ku banki, zimene zinadya phindu lochepa kale la a geni.

Chokhoma chachikulu chinadza mu Januwale 2019. Anthu atachita zionetsero zokana kukwera mtengo kwa mafuta a galimoto, boma linalamula kuti intaneti itsekedwe, ndipo masamba a mchezo anakhala otseka kufikira pa 21 Januwale, pamene bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti lamulolo linali losavomerezeka. M'chaka chomwecho magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku. Lamya yopanda moto sigulitsa kanthu. Ndipo pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pa dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi 6, popanda boma lililonse kulowererapo.

Vuto lina ndi la chinyengo. Mu 2016 anthu ambiri anataya ndalama mu MMM, ndondomeko imene inkalonjeza chiwongoladzanja chachikulu. Mu 2023 zinachitikanso ndi E-Creator, imene inatsatsidwa kwambiri pa masamba a mchezo, ngakhale ndi anthu ena otchuka, kenaka n'kugwa ndalama za anthu zili m'kati. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zotsatira zake zinagweranso amalonda oona mtima, chifukwa wogula amene anaberedwapo safuna kulipiriratu katundu amene wangomuona pa chithunzi.

Zimene zakazi zaphunzitsa

Choyamba, kuchuluka kwa anthu otsatira tsamba si malonda. Amene akhalitsa ndi aja amene amapereka katundu wofanana ndi wa pa chithunzi, amayankha msanga, ndipo amalola wogula kulipira katundu atamugwira m'manja. M'tauni imene anthu amakumana pa chitsime, ku tchalitchi, ku mzikiti ndi pa maliro, mbiri yoipa imayenda msanga kuposa uthenga wa pa lamya.

Chachiwiri, mtengo uzilembedwa momveka. Kuyambira Epulo 2024, pamene ndalama ya ZiG inakhazikitsidwa kuti iziyenda limodzi ndi dola ya ku America, wotsatsa amene satchula ndalama imene akufuna amadziitanira mkangano.

Chachitatu, nambala ya kasitomala ndi chinthu chofunika kuchisamala. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu pa makina limene linakhazikitsidwa mu 2021 likufuna kuti zokhudza munthu zisagwiritsidwe ntchito mwachisawawa. Kulowetsa anthu m'gulu la malonda asanavomere kumathamangitsa makasitomala.

Mabungwe amene amaphunzitsa amayi ndi achinyamata za bizinesi amakonda kutsindika za kujambula zithunzi zokongola ndi kutsegula masamba. Izi n'zofunika, koma n'zosakwanira. Maphunzirowo ayeneranso kuyankha funso limene Januwale wa 2019 anasiya: kodi intaneti ikazima mawa m'mawa, makasitomala akupezani bwanji? Wamalonda amene analemba maina ndi manambala a ogula ake m'kope, amene ali ndi malo odziwika pa msika ndi dzina labwino m'dera lake, adzagulitsabe tsiku limenelo.