Mtima Wokonzedwa Paubwana Ukayamba Kugunda Mosokonekera

Mtima umagunda chifukwa cha kamphamvu ka magetsi kamene kamayambira m'chipinda chake chakumanja cham'mwamba. Kamphamvuko kamafalikira m'zipinda ziwiri zam'mwamba n'kutsikira ku zam'munsi, ndipo munthu wamkulu akakhala phee mtima wake umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi. Kwa anthu obadwa ndi chilema cha mtima, njira ya magetsi imeneyi ndi imene kawirikawiri imasokonekera akakula.

Pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 alionse amabadwa ndi chilema chotere. Kale ana ambiri a chilema chachikulu sankakula. Zinthu zinayamba kusintha mu 1944, pamene Alfred Blalock, Helen Taussig ndi Vivien Thomas anayambitsa opaleshoni yopulumutsa ana otere pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore. Lero m'mayiko olemera ana pafupifupi 9 pa 10 alionse amafika pauchikulire, koma amakula ndi mtima wazipsera.

Vuto lagona pa zipserapo. Pamene panadutsa mpeni ndi ulusi pamatsala mnofu wouma wosadutsa magetsi. Kamphamvu kaja kakafika pamenepo kamalambalala, ndipo nthawi zina kamangozungulira chipseracho osaleka, ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Zikatero mtima umathamanga kwambiri. Zimenezi zimachedwa kuoneka, mwina patapita zaka 10 kapena 20, banja litaiwala kale za opaleshoni. Zimachitika makamaka kwa amene anachitidwa opaleshoni ya Senning kapena ya Mustard, zimene zimasiya misoko yaitali m'zipinda zam'mwamba, komanso ya Fontan, imene Francis Fontan anaichita koyamba ku Bordeaux mu 1968 pothandiza odwala amene chipinda chopopa magazi chogwira ntchito ali nacho chimodzi chokha. Mtima wotere ulibe mphamvu zapadera, moti kuthamanga kumene munthu wina angakupirire kungamufooketse wodwalayo m'maola ochepa.

Pa chilema cha tetralogy of Fallot ngozi ili m'munsi. Vavu ya mtsempha wopita kumapapo ikamabweza magazi kwa zaka zambiri, chipinda chakumanja cham'munsi chimakula, ndipo kuthamanga koyambira m'menemo kungaphe mwadzidzidzi. Kwa odwala ena mtima umachita kuchedwa, chifukwa magetsi akulephera kutsika.

Wodwala amamva mtima kuthamanga kapena kudumphadumpha, chizungulire, befu ndi kutopa, ndipo ena amakomoka. Koma alipo amene samva kanthu mpaka magazi ataundana mumtima n'kuyambitsa sitiroko. N'chifukwa chake madokotala amayeza ndi makina a ECG, kapena kumuveka wodwala kachipangizo ka Holter kojambula kagundidwe ka mtima kwa maola 24.

Mankhwala a amiodarone amathandiza, ngakhale kuti akamwedwa nthawi yaitali angasokoneze chithokomiro, pomwe warfarin amateteza magazi kuti asaundane. Madokotala angathenso kulowetsa kachubu mumtsempha n'kuwotcha kanjira kamene magetsi akuzungulira. Mtima wochedwa amauikira pacemaker, kachipangizo kamene Åke Senning, mwini wa opaleshoni ya Senning ija, anali woyamba kukaika m'thupi la munthu ku Sweden mu 1958.

Aliyense amene anachitidwa opaleshoni ya mtima ali mwana ayenera kusunga makalata a opaleshoniyo ndi kumaonana ndi dokotala wa mtima moyo wake wonse, ngakhale akudzimva kuti ali bwinobwino.